Ngolo ilibe injini, koma ndi galimoto ndithu

Achimwene ndi achemwali a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi, pa Boma, Namiasi, Makawa, Nkope mpaka ku Msaka ndi ku Chembe, ndabweranso ndi uthenga wautali uja mumadandaula nawo. Wa bandulo yochepa asaope, muno mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Werengani mutakhala pansi, osati muli pa kabaza.

Disembala wayandikira, ndipo tonse tikudziwa zimene mwezi umenewu umabweretsa mumsewu wa M3. Anyamata a ku Joni ayamba kutsika. Ena pa basi, ena ndi matransipota, ena ndi galimoto zawozawo, kumbuyo atakoka ngolo, ija ambiri timati trela. Pangolopo pali firiji, malata, njinga, zikwama za zovala, injini ya boti yokulungidwa m'bulangete, nthawi zina boti lenileni la faiba. Masiku ano enanso akumabwera ndi kalavani, kanyumba ka matayala kaja alendo amagonamo akafika ku Cape Maclear. Wina amati adzayambira bizinesi ya malo ogona, wina amati adzakhalamo podikira kuti nyumba ithe. Zonsezi ndi thukuta la zaka zitatu, zinayi, zisanu kudziko la eni.

Ine ntchito yanga ndi injini za maboti, mukudziwa. Koma injini zambiri zimene zafika m'manja mwanga zitathyoka mwendo kapena kusweka chivindikiro sizinavulalire m'madzi. Zinavulalira pamsewu, zili pangolo. N'chifukwa chake lero ndasiya za kabyuleta ndi mapulagi kuti tikambe za ngoloyo.

Chinthu chokhala ndi injini timachipatsa ulemu. Chikangotsokomola timathamangira kwa makaniko. Ngolo siimalira, siimamwa mafuta, siimapempha oilo, ndiye timaiyesa wilibala yaikulu. Koma kwa lamulo ngolo ndi galimoto, ili ndi nambala yake ndi mapepala ake. Ndipo pamsewu ngolo ndi galimoto yopanda dalaivala, imangotsatira inu mpaka tsiku limene yatopa kutsatira. Zonse zimene ndilembe pansipa zikuchokera pa mfundo imodzi yomweyi.

Tiyambe ndi kulemera. Ngolo yochokera ku fakitale imakhala ndi kachitsulo kokhomedwa pamkono wokokera, pamene analembapo nambala ya chasisi ndi manambala a kulemera. Ina ndi ya ngolo yopanda kanthu, ina ndi malire a ngolo pamodzi ndi katundu wake. Tingolo tambiri timene anyamata amagula ku Joni malire ake ndi makilo 750. Musamve ngati 750 yonseyo ndi ya katundu wanu, ayi aise. Ngati ngoloyo payokha ikulemera 200, anu ndi 550 basi, ofanana ndi matumba 11 a simenti. Injini ya Yamaha Enduro ya 40 payokha imadya makilo pafupifupi 70. Onjezani firiji, malata, mabatire a sola awiri, jenereta, muona kuti malire mwawadutsa musanakweze n'chikwama chanu chomwe. Bambo anga, amene akhala pa chilimira kuyambira ine ndisanabadwe, amati boti silimira ndi katundu woyamba, limamira ndi dengu lomaliza lija aliyense amati ndi laling'ono. Ngolonso ndi chimodzimodzi. Katundu amene amathyola sipuling'i ndi uja mnansi wabweretsa usiku wonyamukira, akuti mukapatse amayi kumudzi.

Kasanjidwe nakonso ndi nkhani. Zolemera ziikidwe pansi, pamwamba pa matayala ndi kutsogolo kwake pang'ono, zopepuka pamwamba. Katundu wambiri akakhala kumbuyo kwa matayala, mkono wokokera umapepuka, ngolo imayamba kuvina uku ndi uku mukangowonjezera liwiro, ndipo imakoka matako a galimoto kuti avine nayo. Akachuluka kutsogolo, galimoto imakhala pansi kumbuyo, mphuno m'mwamba, chiwongolero chimapepuka ndipo magetsi anu amawalira m'maso mwa obwera. Muyezo wabwino ndi woti pamkono wokokerapo patsamire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Pa ngolo ya 750, munthu wamphamvu azitha kunyamula mkonowo ndi manja awiri koma azimva kuti wanyamula chinthu. Mukaunyamula ndi zala ziwiri, tsitsani katundu musanjenso.

Ngolo ikayamba kuvina muli paulendo, phazi limafuna kuthamangira pa buleki. Likanizeni. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, musalimbane nayo pokhotetsa uku ndi uku, liwiro likatsika idzakhazikika yokha. Mukatero imani pamalo abwino mukaone katundu. Ndipo ndi ngolo kumbuyo, 80 ndi liwiro lokwanira, ngakhale msewu uli wosalala ngati wa Liwonde kubwera kuno.

Za mabuleki. Tingolo ta 750 tambiri tilibe mabuleki akeake, kutanthauza kuti mabuleki a galimoto yanu akuimitsa zinthu ziwiri. Amene mumalowera pa Dedza n'kutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena amene mumachokera ku Chiponde n'kutsika mapiri a Chowe kulunjika pa Boma, mverani. Mukatsika phiri lonse phazi lili pa buleki, mabuleki amatentha, ndipo akatentha amasiya kugwira, mumangoponda ngati mukuponda siponji. Ikani giya yachiwiri musanayambe kutsika, injini ikuthandizeni kugwira, buleki muziponda mwa apo ndi apo. Galimoto ya otomatiki nayonso ili ndi 2 kapena L, sanaikepo zokongoletsa. Kuzimitsa injini kapena kuika fili potsika kuti mupulumutse mafuta ndi kugula bokosi lamaliro ndi lita imodzi ya petulo.

Tsopano matayala. Tayala la ngolo silimatha mapazi ngati la galimoto, chifukwa nthawi zambiri ngolo imangokhala. Limafa ndi ukalamba ndi dzuwa, ndipo dzuwa la Mangochi mukulidziwa. Mapazi amaoneka atsopano koma m'mbali muli ming'alu ting'onoting'ono. Pambali pa tayala lililonse pali mawu akuti DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2318, ndiye kuti ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi musaliyike paulendo wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku Johannesburg, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Tengani sipeya ya ngoloyo payokha, chifukwa ya galimoto kawirikawiri siilowa, ndipo yesani jeke ndi sipanala yanu pa ngolo musananyamuke. Mukayenda makilomita 50 oyamba, imani mumangenso manati onse.

Koma mdani wamkulu ali mkati mwa gudumu momwe simuona, mabering'i. Ndi tizitsulo totchipa timene timanyamula katundu yense uja, ndipo timangofuna girisi basi. Girisi akauma timatentha, timasweka, gudumu limachoka lonse n'kukudutsani kutsogolo likuthamanga lokha. Musananyamuke kwezani ngolo ndi jeke, zunguzani tayala ndi dzanja. Mukamva kukhuluza ngati mphero, kapena mukaligwedeza n'kumva kuti likusewera, sinthani. Paulendo, paliponse mwaima, gwirani pakati pa gudumu ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda ndi bwinobwino. Kukuwotchani ndiye kuti nkhani yayamba. Seti ina ya mabering'i, kachitini ka girisi ndi mapini ake zimakwana m'thumba la jekete, muzikhala nazo.

Chaka chatha anandibweretsera injini ya 40 yatsopano, pulasitiki ikadali pachogwirira. Mwana anaigula ku Joni kutumizira bambo ake, mdala wina wa kudoko kwathu amene anakhala zaka akubwereka injini za anthu n'kumagawana nawo usipa. Inadutsa Beitbridge, inadutsa Nyamapanda, inawoloka Zambezi pa Tete, inalowa pa Mwanza. Chakufupi ndi Ulongwe usiku, gudumu la ngolo linachoka, ngolo inagona chammbali, injini inamenya phula. Mwendo wapansi unang'ambika pamene pamakhala magiya. Mdala uja anaima pambali panga ndikumasula, osayankhula, akungosisita chivindikiro ngati akutonthoza mwana. Mwendo wina unatenga miyezi kuti ndalama yake ipezeke, ndipo miyezi yonseyo alovi ake anabalalika kukakwera maboti a ena. Mabering'i amene anachititsa zonsezi mtengo wake sufika ngakhale pa pulopela imodzi.

Pomangirira ngolo kugalimoto pasakhale zongoyerekeza. Mpira wa tow bar wa kuno ndi ku South Africa ndi wa mamilimita 50, ndipo kapu ya ngolo iyenera kuumeza wonse n'kutsekeka. Mukamanga, yesani kunyamula mkonowo mwamphamvu. Ngati galimoto ikunyamuka nawo, wagwira. Tcheni chachitetezo chimangidwe kuchitsulo cha galimoto, osati kungochikoleka pampira womwewo, chifukwa mpira ukathyoka zonse zipitira limodzi. Bawuti ndi waya wa mpanda si tow bar. Ndipo tow bar yowotcherera pa bampala pansi pa mtengo wa mango imagwira mpaka pa bampu yoyamba yokha.

Magetsi a kumbuyo kwa ngolo ambiri amati ndi ofunira apolisi. Ayi, ndi a m'bale wanu wa kabaza. Usiku pakati pa Boma ndi Monkey Bay msewu umadzaza njinga zopanda nyali ndi amayi osenza madengu. Munthu amaona galimoto yadutsa, amabwerera mumsewu, osadziwa kuti kumbuyo kukubwera chitsulo china chamdima, mwinanso chotambalala kuposa galimotoyo. Yesani mabuleki, maindiketa ndi magetsi ofiira wina ataima kumbuyo. Akamathwanima mosokonekera, kawirikawiri ndi waya wa ethi wachita dzimbiri, palani pamene wagwira chitsulo. Ikani marifulekita ofiira kumbuyo ndi tepi yowala m'mbali. Ndipo ngolo si ya anthu. Kaya ndi maliro, kaya ndi mpira, kaya ndi chinkhoswe, musakwezepo munthu. Kalavaninso ikamayenda mkati musakhale munthu, makoma ake ndi opyapyala ngati chitseko cha kabati.

Kwa inu okoka maboti, pali zina zapadera. Boti ligone pamsana pake ponse, lisalendewere kumbuyo, ndipo limangidwe kutsogolo ndi kumbuyo ndi malamba, osati chingwe cha winchi chokha. Boti lamatabwa lochokera m'madzi ndi lolemera kwambiri kuposa mmene limaonekera, chifukwa matabwa amwa madzi. La faiba lili ndi kachitseko kotulutsira madzi kumbuyo, kachotseni paulendo kuti mvula isadzaze, koma kamangirireni pachiwongolero kuti mukakumbuke kubwezera musanalowe m'nyanja. Injini yaing'ono ngati ya 15 ichotseni, igone m'galimoto pa tayala lakale, mutu uli pamwamba kuposa pulopela, kuti madzi otsala mu ekizozi asabwerere m'masilinda. Ikakhala ya four-stroke ili ndi mbali yake yogonera, mukaigoneka mbali inayo oilo amalowa kumene sakufunika. Yaikulu yosachotseka muichirikize mwendo ndi thabwa, isamadumphe pa mabampu.

Mukafika kudoko musathamangire kulowetsa ngolo m'madzi. Magudumu atentha ndi ulendo, akakhudza madzi ozizira amayamwa madziwo kulowa mkati mwa mabering'i, girisi amasanduka phala. Dikirani azizire, zulani pulagi ya magetsi, kenako lowetsani. Nyanja yathu ilibe mchere ngati ya ku Durban, koma mchenga wake umadya chitsulo chimodzimodzi. Pamchenga wofewa, kuli bwino kumasula ngolo n'kuikankha ndi anyamata, chingwe chitagwira, kusiyana ndi kutitimiza galimoto mpaka m'mimba.

Tsopano mapepala, pamene ambiri timagwera. Walira mvula walira matope. Wafuna ngolo wafunanso ofesi.

Pogula ku South Africa, musapereke ndalama musanaone satifiketi ya umwini, ndipo nambala ya chasisi yolembedwa papepalapo ifanane ndi ya pachitsulo, chilembo ndi chilembo. Ngolo kumeneko imakhala ndi nambala yakeyake ndi disiki yakeyake ya laisensi. Yopanda zimenezi, kapena imene nambala yake yapalidwa n'kupentedwa, isiyeni ngakhale itchipe bwanji, chifukwa ngolo zimabedwa kwambiri kumeneko. Potulutsa m'dzikomo kuti idzakhale ya kuno, pamafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, chija amati SARPCCO, chimene apolisi a maiko a kum'mwera kwa Africa kuno anagwirizana. Ngati dzina la papepala si lanu, mukhale ndi kalata ya mwini wake yokulolani kuwoloka nayo, yodindidwa.

M'njira dziko lililonse lili ndi zake. Ku Zimbabwe amafuna marifulekita oyera kutsogolo ndi ofiira kumbuyo, chozimitsira moto, matrayango, ndi chilembo cha T chowala pangolo. Ku Mozambique amafunsa matrayango awiri ndi vesiti yowala, ndipo wokoka ngolo amamufunsanso kachikwangwani ka buluu kokhala ndi trayango yachikasu. Zinthu zimenezi n'zotchipa m'sitolo ya zagalimoto ku Joni, koma n'zodula pa rodibuloko. Inshuwalansi ya COMESA ija amati Yellow Card imagwira ku Zimbabwe, Zambia ndi kuno, koma polowa ku Mozambique mumagula yawo paboda. Paliponse pamene mukulemba fomu, onetsetsani kuti ngolo yalembedwa payokha ndi nambala yake. Pepala lotchula galimoto yokha silikuidziwa ngoloyo.

Pofika pa Mwanza, Dedza kapena Chiponde pali njira ziwiri, ndipo muyenera kudziwa imene mwasankha. Yoyamba, ngolo ndi mlendo, ibwerera ku Joni. Apa a MRA amakupatsani chilolezo cha kanthawi, chija timati TIP, chokhala ndi tsiku lothera. Tsikulo lisanakwane muyenera kutuluka nayo kapena kukawonjezera masiku kuofesi yawo. Chinthu cholowa pa TIP simungachigulitse kapena kuchisiyira achimwene kumudzi musanalipire msonkho. Mukatero lamulo limalola kuti chilandidwe, ndi chindapusa pamwamba. Yachiwiri, ngolo yabwera kudzakhala. Apa mumalipira msonkho, mumasunga mapepala onse, apolisi amaiona, kenako mumapita ku Road Traffic kuti ilembedwe m'dzina lanu, ipatsidwe nambala ya kuno, blue book ndi COF. Ndi ulendo wotopetsa, zoona, koma umayendedwa kamodzi.

Kwa inu ogula kuno, samalani ndi ngolo ndi makalavani a nambala za GP zogulitsidwa mothamanga mu Januwale, mwini wake akufuna thiransipoti yobwerera. Funsani pepala la msonkho. Akayamba zoti tidzakutumizirani pa WhatsApp tikafika, bwezani ndalama m'thumba. Kufupi ndi kwathu kuli ngolo yabwino ya matayala anayi imene yakhala pansi pa mtengo zaka ziwiri tsopano. Mwini wake anaigula motero. Sangaiyendetse pamsewu, sangailembetse, sangaigulitse kwa munthu wozindikira, wogulitsa uja nambala yake inasiya kulira kalekale. Nkhuku ndizo zikuikiramo mazira. Safunsa anadya phula.

Nanga zowotcherera konkuno? Tili ndi amisiri aluso pa Boma ndi ku Monkey Bay, amatha kupanga ngolo yolimba ndi axle ya galimoto yakufa. Palibe cholakwika, koma ikangoponda msewu wa boma ikufunika kulembetsedwa ngati ina iliyonse. Sungani malisiti a zitsulo ndi a axle, mupite nawo ku Road Traffic mukafunse njira yake musanayambe kuigwiritsa ntchito.

Laisensi yanunso iyang'aneni. Makodi amene timagwiritsa ntchito ndi a SADC. Kodi B imakulolani kukoka ngolo yosapitirira makilo 750. Yoposa apo, ngati makalavani ambiri ndi ngolo za maboti akuluakulu, imafuna EB. Ambiri sadziwa, amadzadziwira pa ngozi. Inshuwalansi ya third party ndi yokakamiza pamsewu wa Malawi, ndipo mukamagula auzeni kuti mumakoka ngolo, ilembedwe papepala. Ngolo yanu ikamasuka n'kugunda mwana wa munthu, mulibe COF, mulibe laisensi yoyenera, a inshuwalansi apeza pothawira, ndipo mlandu wonse utsala pakhomo panu. Pamenepo amagulitsa boti, ukonde ndi malo omwe.

Musaiwalenso kuti pepala la pamsewu si pepala la panyanja. Boti likatsika pangolo limalowa m'manja mwa ena. Kulembetsa ndi kuyeza boti ndi kwa a Marine, amene ali ku Monkey Bay. Laisensi yophera nsomba ndi ya a Fisheries, pansi pa lamulo la usodzi, ndipo padoko pali a BVC ndi malamulo awo. Wobwera ndi boti kuchokera ku Joni ayambe wapita kumeneko asanaponye ukonde.

Za kalavani ndinene mwapadera, chifukwa iyi ndi ngolo komanso ndi nyumba. Zonse za matayala, mabering'i ndi mapepala zikuikhudza. Pogula, yang'anani madzi. Kanikizani makoma m'makona ndi pansi pa mawindo, pondani pansi ponse, nunkhizani m'makabati. Pofewa kapena ponunkha chuku ndiye kuti denga limadontha ndipo matabwa a mkati awola, ndipo kuwola kwa kalavani kuli ngati kwa boti, chimene mukuona ndi chochepa kuposa chimene chabisika. Paipi ya gasi ikhale yopanda ming'alu, pakani thovu la sopo polumikizira, likatupa pakutuluka gasi. Silinda ikhale m'kabokosi kake kakunja, yotsekedwa poyenda ndi pogona. Ndipo chonde, miyezi ya mwera kukazizira, mbaula isalowe m'kalavani. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo, ndipo kachipinda kakang'ono kotseka mawindo kamadzaza msanga. Jenereta nayonso ikhale kutali ndi zenera.

Poimika pakhalenso nzeru. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja uli ndi eni ake, kaya ndi mudzi, kaya ndi munthu wa lizi, kaya ndi boma. Kukhala ndi matayala sikukupatsani ufulu woima paliponse. Pitani kwa amfumu kapena kwa mwini malo, mugwirizane polemba, mwezi ndi mwezi ndalama zingati, ndipo kalavaniyo ndi ya ndani mukadzasiyana. Mbali ya Cape Maclear kumbukirani kuti mapiri ndi zilumba zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a dziko lonse mu 1984. M'menemo simungangoima n'kuyatsa moto pamene mwakonda. Musaimikenso pafupi kwambiri ndi madzi. Tonse tinaona mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu. Kalavani imene yakhala chaka matayala ataphwa siithawa madzi usiku umodzi. Muziikweza pa zitsulo kapena njerwa kuti matayala apume, muwaphimbe kudzuwa, ndipo mwezi ndi mwezi muziwazunguza.

Chimbudzi cha m'kalavani ndi kathanki kongochotsa. Kakadzaza kakatayeni m'chimbudzi chokumba, osati m'nyanja, osati m'bango. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatipweteka kwambiri kuno ku Mangochi, ndipo likodzo silinachoke m'madoko athu. Madzi amene mukutayiramo ndi omwewo amayi akutsukiramo mbale mamawa. Amene mumagwira ntchito m'malo ogona alendo, auzeninso alendo a magalimoto ogonamo aja mwaulemu, muwaonetse potayira.

Chomaliza ndi chovuta kuchikamba chifukwa chimakhudza chibale. Ngolo zambiri, maboti ndi makalavani zimagulidwa ndi ndalama ya m'modzi ali ku Joni, koma zimalembedwa m'dzina la amene ali kuno chifukwa ndiye angathe kupita kuofesi. Zaka zikapita, wina amati ndi changa ndinagula, wina amati ndi changa dzina ndi langa. Ndaona ana a mimba imodzi atasiya kupatsana moni chifukwa cha ngolo. Lembani pepala tsiku loyamba. Ndalama anatulutsa ndani, dzina lili pa blue book ndi la ndani ndipo chifukwa chiyani, phindu la hayala ligawidwa bwanji, zokonzetsa alipira ndani. Musainire nonse ndi manambala a ziphaso zanu za unzika, mboni ziwiri zisainire, aliyense ajambule pafoni. Pogula kwa munthu, chimodzimodzi, ndipo musinthe umwini msanga, chifukwa blue book ikadali m'dzina la wina, iye akamwalira abale ake akhoza kuiwerengera pa chuma chamasiye. Kulemba si kukayikira m'bale. Ndi kumuteteza ku mkangano wa anthu amene kunalibe tsiku logula. Pobwereketsanso, onani laisensi ya wobwerekayo, onani galimoto imene akokere, mugwirizane za katundu amene akweze. Ngolo ikapalamula, nambala imene apolisi alembe ndi yanu.

Ndikudziwa ena anena kuti makaniko uyu akufuna kutiopseza, anthu akhala akukoka ngolo zopanda mapepala zaka zonsezi osagwidwa. Zoona, ambiri amafika. Koma amene sanafike sali pa gulu lino kuti atiuze, ndipo amene anataya katundu sakonda kusimba. Girisi, mabering'i, tayala la sipeya, babu la kumbuyo ndi tsiku limodzi paofesi, mukaziphatikiza sizifika pa mtengo wa firiji imodzi imene ili pangolopo.

Tumizani uthengawu kwa abale ali ku Joni, ku Cape Town ndi ku Durban asanayambe kumanga katundu, chifukwa akafika pa Beitbridge nthawi yatha. Amene muli kuno ndipo ngolo yanu ili kuseri kwa nyumba, mawa ikwezeni pa jeke muzunguze tayala mumvetsere. Mukamva kukhuluza, ibweretseni kudoko tidzaione limodzi, girisi ndili naye. Muyende bwino, mutipeze.